Mzere wa Mayi pa Khoma la ku Seoul

"Ndanena kale, sindikupita," anatero Bambo akukankha mbale ya mpunga. "Ndikaone chiyani? Anthu otayira penti pansalu n'kumati ajambula?"

Tinali atatu pa kathebulo m'mawa umenewo: Bambo, achimwene anga a Sang-cheol, ndi ine. Basi ya kalabu ya alimi inali itaima kale pamsewu, ikupita ku Seoul kukaona mamyuziyamu awiri akuluakulu. Dzina la Bambo ndinalembetsa ndine.

"Pitani, Bambo, muyambe kuzolowera," anatero achimwene akutola kimchi, kabichi wowawasa wa tsabola, ndi timitengo todyera. "Lachisanu mukangodinda chidindo chija, ntchito yanu izikhala yoyendayenda basi."

Lachisanulo linali tsiku logulitsa munda wathu wa mabulosi kwa munthu wolima sitiroberi. Mitengo imeneyo ndiyo inkatipatsa luzi lopangira mapepala. Bambo ndi Mayi anapanga mapepala pamanja zaka makumi anayi, koma chimwalirireni Mayi, sefa yawo yansungwi inangokhala pakhoma. Ine ndinasiya ntchito m'tauni kuti Bambo andiphunzitse. Yankho lawo linali limodzi: "Gyeong-ja, manja akowo ndi a muofesi. Komanso pepala lapamanja akulifunanso ndani?"

Pageti panamveka mawu a Mayi Bang, oyandikana nafe nyumba, akuitana Bambo. "A Pyo! Mukudziphoda ngati mkwatibwi? Basi ikudikira inu!"

Bambo anang'ung'udza, natenga chipewa.

Myuziyamu yoyamba inali ya zinthu zamakedzana, ndipo kumeneko Bambo anagwedezera mutu mitsuko ingapo. Yachiwiri inali ya zojambula zamakono. M'chipinda choyamba tinapeza mulu wa miyala pakati pa simenti, magetsi akuuwalira ngati mfumu.

"Miyala ngati iyi ine ndimataya m'mbali mwa munda," anatero Bambo.

"Mukanabwera nayo, bwenzi pano akukujambulani zithunzi," anayankha Mayi Bang.

Ine sindinaseke kwambiri. Panali nsalu ina yopakidwa buluu yekhayekha, ndipo nditaiyang'ana nthawi yaitali ndinaona kuti buluuyo sanali mmodzi. Wina anali wakuya, wina wopepuka, ngati dziwe la kumunsi kwa mudzi wathu mvula ikatha. Ndinatembenuka kuti ndiwaonetse Bambo, koma anali atapita kale kutsogolo.

Ndinawapeza m'chipinda chomaliza. Khoma lonse linali ndi chojambula chimodzi, chachitali kuposa chitseko cha nkhokwe, choyera mbee. Panalibe penti. Anali mapepala omatidwa pamwamba pa anzake, ndipo wojambulayo anawakankha ndi zala adakali onyowa, mpaka anapanga timizere ngati munda wolimidwa kumene utakutidwa ndi chipale chofewa. Anthu anakhala pabenchi chete, akungoyang'ana.

Bambo anapendeketsa mutu, kuyang'ana chammbali momwe kuwala kunkagwera. Kenaka anadumpha mzere wakuda wapansi woletsa anthu kuyandikira, natambasula dzanja.

Wopanga mapepala sakhulupirira maso. Amalikhoma pepala ndi chala, khutu lili pafupi, kuti amve kulira kwake. Ndinadziwa chimene ankafuna kuchita, ndipo ndinawagwira mkono chala chitatsala pang'ono kufika. Belu linalira. Anthu onse anatembenuka.

"Agogo, chonde bwererani kumbuyo!" anatero mayi wolondera, akubwera mothamanga. "Saloleza kugwira."

"Pepani, mwanangu, ndimangofuna ndilimve," anatero Bambo. Anabwerera, koma maso sanachotse pakhoma. "Gyeong-ja, tabwera uime pano. Weramira. Ukuona pakona apo?"

Poyamba sindinaone kanthu. Kenaka ndinakaona: kamzere kokhota, kotalika ngati chala, kobisika m'kati mwa pepalalo. Pa pepala lotsatira kanaliponso. Pa linanso kanalipo.

"Sefa ya amako inaduka ulusi chaka chomwe unabadwa," anatero Bambo motsitsa. "Anaisoka okha ndi ulusi wonenepa wofiira. Ndinawauza kuti chigambacho chizisiya chipsera papepala lililonse. Anati amene chimunyanse akagule kwina."

Wolondera uja anawerenga kachikwangwani kapambali. Panali dzina la wojambula, yemwe anamwalira kalekale, ndi mawu awiri okha: pepala lapamanja.

"Ndamukumbuka," anatero Bambo. "Wamtali, wa jasi lothimbirira. Anabwera zaka zitatu zotsatizana, nyengo yozizira. Amako ankati mutu wake sukoka, chifukwa ankanyambita kona ya pepala asanagule."



"Taona mmene anachitira," anapitiriza Bambo, chala chikuyenda m'malere. "Amako ankagwedeza sefa kutsogolo kamodzi, kenaka m'mbali kasanu. Iyeyu wakankha luzi motsata momwemo. Sanalimbane nalo, sanaliphimbe ndi penti. Ine zaka zonsezi ndimati pepala ndi mphasa yoti ena akhalepo. Munthu uyu analiimika kuti lioneke lokha." Anatsitsa dzanja. "Ankalidziwa pepala ameneyu. Mwina kundiposa."

Anayang'ana anthu a pabenchi aja. "Nanga onsewa akuonapo chiyani? Palibe mwa iwo amene ankawadziwa amako."

"Kaya, Bambo. Koma taonani, sakuchoka."

Anavula chipewa. Tinaima pomwepo mpaka mtsogoleri wa ulendo anabwera kudzatikoka, akuti basi yonse yatopa ndi a Pyo kachiwiri tsiku limodzi. Panjira anzathu ankaimba, Bambo akuyang'ana manja awo pamaondo.

M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi kulira kwa chikwakwa. Kunja kunali chisanu choyera paudzu. Achimwene anaima m'mbali mwa munda, manja m'matumba.

"Bambo, mukuvutikiranji? Thalakitala idzazula yonseyi!"

Bambo anali m'kati mwa mabulosi, chikwakwa chili m'manja. Ankadula nthambi imodziimodzi mopendeketsa, kusiya chitsa chotalika ngati chikhatho, momwe amadulira mtengo umene akufuna udzaphukenso.

"Gyeong-ja!" anaitana osadzutsa mutu. "Koleza moto pachimphika, nthambizi tizifutse zisanaume. Uvale malaya oti ade. Ndipo usandifunsefunse, uzingoona manja."

Nditalowa m'shedi kukatenga nkhuni, ndinapeza msomali wapakhoma uli wokha. Sefa ya Mayi inali m'beseni, ataiviika kuti nsungwi zifewe. Fumbi la zaka zitatu linkayandama pamwamba, ndipo pansi pa madzi, pakona, ulusi uja unali utayambanso kufiira.