Lipenga pa Maliro a Des

"Lisiyeni pomwepo lipengalo," anatero a Glenys ataima pakhomo la galaja.

Amuna awo, a Merv Tonkin, anapitiriza kulipukuta ndi kansanza ngati sanamve. Tsaya lawo lakumanzere linali likadali lotupa. Sabata yathayo dokotala wa mano ku Adelaide anawang'amba nkhama n'kuthira tizidutswa ta fupa la ng'ombe m'nsagwada ya m'mwamba, poti fupa lawo linali litaperepeseka moti silikanagwira zitsulo zomangirapo mano atsopano. Anawauza mosapsatira: osamina, osayetsemula atatseka pakamwa, ndipo lipenga aliiwale mpaka fupa ligwirane.

Koma Lachiwiri kunamwalira a Des Rowe, mnzawo amene ankaimba naye m'bandi ya ku Moonta kuyambira paunyamata.

"Ndinamulonjeza kuchipatala kuja kuti ndidzamuimbira lipengali," anatero a Merv. "Anati, 'Merv, usadzalole kuti andiimbire wailesi pamanda.'"

"Lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane, bambo. Ndatopa nako kukusinjirani maungu ngati khanda. Mukufuna mufe musanalumenso nyama?"

"Ng'ombe yomwe andiika m'kamwamu ndi yamphamvu."

"Ng'ombe yakufa! Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndanena ine."

A Merv anatseka bokosi la lipenga n'kukaliika m'galimoto.

Kumanda kunali mphepo yotentha youlutsa fumbi. Mkazi wa malemu, a Noelene, anawagwira mkono asanafike padzenje.

"Alamu, Glenys wandiuza zonse. Musadzipweteke, chonde. Des sakumvanso kanthu."

"Ndikudziwa, mlamu."

Anawamasula, koma mtima wa a Merv sunamasuke. Abusa atamaliza pemphero, anthu onse anatembenukira kwa a Merv. A Glenys okha ndiwo anayang'ana pansi. A Merv anatulutsa lipenga m'bokosi. Ananyambita milomo, lilime n'kukhudza ulusi wa pabala paja. Mantha anawagwira, mantha enieni, oti abwereranso pampando wa dokotala wa mano uja, kukamwa kuli yasa.

Anakweza lipenga.

Mawu oyamba anatuluka bwino, ofewa. Nyimbo itakwera anakankha mpweya, ndipo anamva kanthu kakuphotchoka mkati mwa tsaya. Mpweya wina unathawira m'mphuno. M'kamwa munadzaza madzi amchere. Lipenga linasasa mawu, anthu n'kuyang'anana. A Merv anameza, anatsinzina, n'kuyambiranso pomwe analekezera. Anaikoka nyimboyo pang'onopang'ono mpaka kumapeto, magazi akudontha kuchokera m'mphuno kugwera pa jekete la bandi.

A Noelene analira mokweza koyamba tsiku limenelo.

A Glenys sanadikire tiyi wa kuholo ya tchalitchi. Anawakokera amuna awo kugalimoto, anawapatsa mpango, n'kuimba foni ku Adelaide. Ankangoti, "Inde, adokotala... inde... analiimba." Atadula anagwira chiwongolero n'kutembenukira kwa amuna awo.

"Akuti tipite pompano. Ngati pabalapo patseguka chibowo, achotsa zonse zomwe anaikamo. Mudikire chipole, kenako ayambirenso."

"Pepani, mayi," anatero a Merv kudzera mumpango.

"Musalankhule, mungawonjezere magazi."

Analiza galimoto n'kulowa mumsewu wa ku Adelaide. Atadutsa minda ya tirigu ya ku Kadina, a Glenys anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Pakati paja munalakwitsa," anatero. "Koma kumapetoko, ngakhale Des sakanapeza chonena."