Kadontho Kofiira pa Dambo la Puruni

Mbale ya mpunga inali isanafike n'komwe kwa akuchimuna pamene foni ya alamu anga a Dehen inalira. Anaiyang'ana, n'kuiyandikiza kumaso, kenako anadzambatuka nyama ili m'kamwa.

"Letsani ng'omazo! Satelaiti yaona moto!"

Linali tsiku la ukwati wa mwana wanga wamkazi Lensi, ndipo mvula inali italeka miyezi itatu yapitayo. A Dehen ndiwo ankatsogolera gulu lozimitsa moto m'mudzi mwathu. Makina a m'mlengalengawo akaona malo otentha, uthenga unkafikira kwa iwo. Ndinasuzumira pafoniyo ndipo ndinaona kadontho kofiira pa mapu.

"Pamenepa ndi pati, alamu?"

"Kuseri kwa ngalande yachiwiri."

Kumeneko ndi kudambo la puruni, udzu umene amayi tonse a m'mudzi timalukira mikeka ndi madengu ogulitsa. Nthaka yake ndi masamba owola okhaokha. Ikagwira moto imayakira pansi, kudya mizu mwakachetechete, ndipo puruni samerapo kwa zaka.

Vuto linali lakuti wodziwa kuliza pampu yathu anali mmodzi yekha, Yansen, mkwati.

"Mkamwini, vula jeketeyo!" anatero a Dehen.

"Inu, mwanayo sanalawe ngakhale nsomba!" ndinadandaula.

"Akadyera komweko utsi. Tiyeni!"

Lensi anali atavula kale maluwa kumutu. "Mwamuna ndangomupeza lero lomwe, ndiye apite yekha? Amayi, ndibwerekeni nsapato zanu zakumunda."

Ukwati wonse unakhamukira kudambo. Ngalande zinali zitaphwa moti bwato silikanayenda, choncho amuna anayi anasenza pampu pamitengo. Oimba ng'oma ananyamula mapayipi, ife amayi zidebe ndi makasu, aliyense ali m'zovala zake zapaphwando. Anthu ankathamanga akuseka, ena akukuwirana kuti afulumire.

Titafika, malawi sanali ambiri. Utsi woyera unkangofuka m'ming'alu ya nthaka, ukukwawira kumene kunali puruni wobiriwira. Panatsala mtunda woti munthu n'kuponya mwala.

"Madzi!" anakuwa Yansen. "Chitsime chili pati?"

Zaka ziwiri m'mbuyomo, bungwe lina linatipatsa thandizo la pampuyo, n'kutiboolera zitsime zozimitsira moto m'dambomo. Koma zikwangwani zake zamatabwa zinali zitawola, udzu n'kuphimba ponse. A Dehen ankazungulirazungulira, foni ili m'mwamba.

"Chili chapompano! Ndinalipo pokumba!"

"Foni yanuyo imaona moto ili kumwamba, koma chitsime chili pamphuno siichiona?" anafunsa Lensi.

"Iwe, ndine bambo ako aang'ono, usandilankhulitse pambali! Funafunani payipi yabuluu yotseka pamwamba!"

Ndinaima chilili. "Yabuluu? Yolekeza m'bondomu?"

"Mumaidziwa, alamu?"

"Si ndimakolekapo chakudya changa ndikabwera kudzazula puruni, kuopa nyerere!"

Sindikumbuka kuti ndinali nditathamangapo choncho chibadwire Lensi. Ndinakwinya nsalu yanga yatsopano mpaka m'maondo, n'kulowa m'udzu, kudutsa chitsa china chopsa, kukhotera pamtengo wopendama. Kumbuyo kwanga mudzi wonse unkabwera ukufuula dzina langa. Ndinagwada, n'kukankha udzu ndi manja awiri. Payipi ija inali pomwepo, kachingwe kanga kadakali kulendewera.

"Nayi! Bwerani nayo pampuyo!"

Yansen analumikiza mapayipi. Anakoka chingwe koyamba, pampu inangotsokomola. Kachiwiri, zii.

"Mkamwini, ukalephera apa mkaziyo tikukulanda!" anatero a Dehen.

Anakoka kachitatu ndi thupi lonse. Injini inabangula. Payipi inatupa, inalavula matope akuda pa malaya oyera a Dehen, kenako madzi anathovoka. Amayi tinalulutira kuposa mmene tinachitira kutchalitchi m'mawa.

Moto wam'nthaka sauthirira pamwamba. Lensi ndi mwamuna wake anagwira limodzi chitsulo cha kumapeto kwa payipi, akuchizika pansi, kuchizula, kuchizikanso patsogolo. Nthaka inkachita phokoso ngati chiwaya chothiridwa madzi. Enafe tinakumba mzere pakati pa utsi ndi puruni, tikutembenuza dothi, oimba ng'oma akutiimbira nyimbo zaukwati ndi pakamwa.

Dzuwa litapendeka, utsi unatha. A Dehen anapukusa foni yawo m'mwamba.

"Mawa ikadzadutsanso satelaiti, kadontho kaja idzakasowa!"

Ine sindikanadikira mawa. Ndinapita m'mphepete mwa puruni, pamene utsi unalekezera, ndipo ndinapinda mkono wa bulauzi. Ndinazika dzanja m'dothi mpaka m'chigongono, kuti ndimve ngati mukutentha, monga ndinkachitira pogwira chipumi cha mwana usiku wa malungo.

Pansi panali pozizira. Zala zanga zinakhudza mizu, yonyowa, yolimba. Ndinasuntha mapazi asanu n'kuzikanso dzanja, kenako asanu ena. Nditatukula mutu, ndinaona amayi anzanga atagwada mzere mpaka kumapeto kwa dambo, aliyense mkono uli m'nthaka.