Kachisa ka Mavu pa Bawuti

"Alamu, galimoto iyi ikuthamangabe," anatero Glenys akutsika, injini ikadalira.

Warwick sanadzutse mutu. Ankapukuta sipanala yoyera kale.

"Ndi makutu anu amenewo, alamu. Magiya atsopano amafuna azolowerane kaye. Apatseni mwezi wathunthu. Za Loweruka izi iwalani."

Aka kanali kachitatu Warwick kutchula Loweruka chifikire Glenys pa galaja ya mlamu wakeyo ku Heyfield Lachiwiri limenelo. Munthu akabwereza chinthu katatu asanafunsidwe, ine ndimayamba kumuyang'ana m'maso, ndipo Glenys naye anatero.

Loweruka likubweralo kalabu yathu ya magalimoto okwawa m'miyala inkapita kuphiri, potsetsereka paja timangoti pa Masitepe. Pamenepo ndi pamene Desmond, mwamuna wa Glenys, mkulu wake wa Warwick, anagubuduzika zaka zitatu zapitazo. Galimoto inamuthawa potsika, anaponda buleki, matayala anaterereka pathanthwe, basi. Galimotoyo inakonzeka. Desmond tinakamuika.

Glenys anali atatsimikiza mtima kuti adzatsika pamenepo ndi galimoto yomweyo. Sikuti mutu unali utasokonekera ayi. Ankadziwa kuti pa Masitepe buleki ndi mdani, galimoto imayenera kugwidwa ndi injini, izitsika pang'onopang'ono yokha. N'chifukwa chake anaitanitsa magiya okwawira, aja amalowa m'kabokosi ka kuseri kwa giyabokosi, n'kuwapereka kwa mlamu wake kuti aikemo. Akanapatsanso ndani? Warwick ndiye makaniko wathu, ndiyenso wakhala wolozera njira kwa zaka makumi awiri. Pamiyala woyendetsa saona pansi, amangoona boneti ndi mitambo. Maso ake amakhala pa manja a munthu waima kutsogolo. Manjawo akati kumanzere, iwe kumanzere, ngakhale mtima ukukana.

Kutacha Glenys anayala katoni pansi n'kulowa kunsi kwa galimoto. Kabokosi kaja kanali kotsukidwa bwino, kakuwala. Koma pamwamba, pamene madzi safika, panali kachisa ka mavu kadothi katamatirira pa bawuti. Ankakadziwa kachisako. Anakaona koyamba pa Khirisimasi posintha oyilo, n'kukasiya poopa kulumidwa. Tsopano munthu angatsegule bwanji bokosi osamasula bawuti imeneyo?

Anakhala chigonere pakatonipo. Anakumbukira kuti masiku amenewo Warwick ankatamanda kwambiri galimoto yake, ati yayamba kukwera ngati buluzi.

Anaimbira foni Marlene, mnzake wa ku kalabu, amene galimoto yake ndi mtundu womwewo, matayala omwewo, ndipo magiya oterewa anaikitsa chaka chatha.

"Iwe Glenys, usafulumire," anatero Marlene akutafuna kanthu. "Mavu amamanga tsiku limodzi."

"Amamanga ndi fumbi la Khirisimasi lomwe?"

"Ndiye ukuti mlamu wako wakubera?"

"Sindinatero. Ndati mawa ubwere ndi galimoto yako."

Lachinayi masana anakumana m'dambo la kuseri kwa galaja. Warwick anatuluka ndi kapu ya tiyi kumanja, nkhope itachita tsinya.

"Kodi lero kuli msonkhano wa amayi?"

"Kuli mpikisano, alamu," anayankha Glenys. "Wa ochedwa. Tulutsani yanunso."

Masewera amenewa timachita kawirikawiri tikamawotcha masoseji kuthengo. Magalimoto amaima mzere umodzi, giya yoyamba yokwawira, kusiya kilatchi, phazi osakhudza mafuta. Wofika kumpanda pomalizira ndiye katswiri. Pamenepa palibe kunama, chitsulo chimanena chokha.

"Aaa, zachibwana izi," anatero Warwick. "Ndili ndi ntchito."

"Ntchito yopukuta masipanala? Kwerani, bambo," anatero Marlene. "Kapena mukuopa kupambana?"

Anakwera. Marlene anaimba hutala, onse anasiya kilatchi. Ya Marlene inayamba kukwawa mwaulesi, moti mwini wake anatulutsa chigongono pawindo n'kumasenda lalanje. Ya Glenys inatsogola. Glenys sanadabwe, maso ake anali kumanja, pa galimoto ya Warwick, kudikira kuti aione ikutsalira m'mbuyo ndi magiya ake akuba. Koma iyo inali pambali pake penipeni, mphuno ndi mphuno. Anafika kumpanda limodzi, Marlene asanafike ndi pakati pomwe.

Glenys anazimitsa injini. Anachita manyazi pang'ono poti anamuyesa mbala Warwick, koma manyaziwo sanakhalitse.

"Mwanga mulibe. Mwanu mulibe. Ndiye ali kuti?"

"Alamu, mwina matayala anuwa..."

"Pa bawuti yapamwamba pali kachisa ka mavu. Munatsuka bwino, koma pamenepo simunafike."

Warwick anapita m'galaja, n'kubwerako atanyamula katoni. Tepi yake inali isanadulidwe n'komwe. Anaiika pa boneti mosamala.

"Sindinagulitse. Sindinakhudze."

"Ndaona. Chifukwa?"

"Tsiku lija ndinaima kutsogolo kwa achimwene ndine," anatero Warwick. "Manja awa ndi amene ankawayang'ana. Ndinawaona m'maso galimoto ikutembenuka. Ndiye inu mukufuna ndikaimenso pamalo omwewo, galimoto yomweyo, m'katimo muli inu? Ndinati ndikanena kuti magiya sanazolowerane mudikira. Mwezi wamawa kugwa chipale chofewa, njira aitseka, chaka n'kutha."

Marlene anali atafika tsopano. Anasiya kutafuna lalanje lija.

Ine ndimamumvera chisoni Warwick, sindibisa. Koma Glenys anafunsa funso limene aliyense wa ife akanafunsa.

"Chikhalire m'banja mwanu muno, munandionapo nditamvera mawu oti dikira?"

Glenys anapitiriza.

"Ndikanapita Loweruka. Mukudziwa kuti ndikanapita. Ndikanafika pamwamba paja, n'kuchotsa phazi pa buleki, mumtima ndikuti magiya andigwira, alamu anga anaikamo. Magiya ali m'katoni pansi pa tebulo lanu."

"Ndikanakuuzani Lachisanu."

"Ngati mmene munandiuzira Lachiwiri?"

"Alamu, ndinkafuna kukutetezani."

"Mukanati sindiika, katundu wanu uyu, pitani kwina. Ndikanakutukwanani sabata imodzi, n'kutha. Koma inu munatsuka bokosi kuti ndione ngati mwagwira ntchito."

Glenys anakankhira katoni ija kwa Warwick.

"Mawa mamawa muikemo. Ine ndidzakhala pomwepo."

Anakhaladi pomwepo. Lachisanu lonse Glenys anakhala pa mgolo wa oyilo, manja atapinda, kuyang'ana bawuti iliyonse ikutuluka. Kachisa kaja Warwick anakagwetsa ndi sikuludilaiva, munalibe ndi mavu omwe. Sanachezerane. Nthawi ya nkhomaliro Warwick anagula mapayi awiri a nyama, Glenys anadya yake osasuntha pamgolo. Dzuwa litapendeka anabwereza mpikisano uja, ndipo ulendo uno ya Glenys ndi ya Marlene zinakwawa limodzi mpaka kumpanda.

Loweruka tinafika pa Masitepe dzuwa litakwera, magalimoto asanu ndi awiri. Panalibe nthabwala zambiri. Itakwana nthawi ya Glenys, Warwick anavala magolovesi ake ofiira aja, amene amaoneka patali, n'kuyamba kutsikira pamalo pake pa nthawi zonse.

Glenys anatulutsa mutu pawindo.

"Marlene! Kaime kutsogolo."

"Ine? Iwe, ine sindinalozerepo pano. Warwick amadziwa mwala uliwonse."

"Ndikudziwa. Kaime iweyo."

Warwick anaima, n'kutembenuka kuyang'ana mlamu wake. Anavula magolovesi aja limodzilimodzi, n'kumupatsa Marlene, n'kumunong'oneza za mwala wachitatu umene umagwedera. Kenako anakaima pambali, pansi pa bulugamu, pamodzi ndi ife oonerera.

Galimoto ya Desmond inaweramitsa mphuno n'kuyamba kutsika, injini ikung'ung'udza, magetsi a buleki osayaka ngakhale kamodzi. Sitepe yoyamba. Yachiwiri. Maso a Glenys anali pa manja a Marlene basi.

Ine ndinaima pafupi ndi Warwick. Manja ake ankayenda okha m'mbali mwa thupi, kumanzere pang'ono, imani, bwerani, bwerani, ndipo sanalakwitse ndi pamodzi pomwe. Panalibe amene ankawayang'ana.