Ekiselo Yopendama ya ku Bakersfield

Orval Tackett anatha zaka khumi ndi zinayi akuzungulira misika ya zitsulo zakale, kusaka chinthu chimodzi basi: ekiselo yopindidwa ndi malemu bambo ake. Ekiselo ndi chitsulo chopingasa chija chimene chimagwira mawilo akutsogolo. Kale ku Bakersfield anyamata okonda liwiro ankapita nazo kwa mkuluyo kuti aziotche n'kuzipinda nsonga, galimoto itsike mpaka kununkhiza msewu. Koma mkuluyo, pepani, sankadinda dzina pa ntchito yake. Ndiye uizindikira bwanji?

Loweruka lina pa msika wa ku Pomona, Orval anaona ekiselo yadzimbiri pansi pa tebulo la mkulu wina wandevu, dzina lake Dutch.

"Imeneyo musataye nayo nthawi, madala," anatero Dutch. "Anaipinda ndi chidakwa. Mbali ya dalaivala yatsalira m'mwamba ndi theka la inchi. Ndayeza kawiri."

Orval anagwada, mawondo akudandaula, n'kuyeza yekha. Zinali zoona, ndipo anakhumudwa. Zipsera za nyundo zinkafanana ndi za bambo ake, koma bambo ake kupinda chinthu chopendama? Ayi ndithu! Anaigulabe pa madola makumi anayi, poti munthu wokonda zitsulo sabwerera kunyumba chimanjamanja.

Pobwerera anapatukira kwa mchemwali wake Verna, yemwe anamusiya ndi zaka khumi ndi ziwiri ndipo pakamwa pake panalibe mabuleki. Verna anasuzumira kumbuyo kwa pikapu, nasisita nsonga za ekiseloyo. Atamva za theka la inchi, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe, zaka zonsezi umasaka yowongoka yokha? Unali kuti? Bambo asanayatse moto ankayamba amukweza kasitomala pa sikelo ya thonje. Akakhala woonda, ekiselo yofanana mbali zonse. Akakhala wonenepa, mbali yake ankaisiya m'mwamba kuti akakhala pansi galimoto ilingane. Theka la inchi? Ameneyo chinali chimunthu!"

"Ndiye mukuti ndi yawo, achemwali?"

"Ku California konse ndani wina ankayeza anthu ngati nkhumba? Ndi yawo."

Orval anakumbukira zopendama zonse zimene anazilambalala m'misika muja, nagwira kumutu. Koma chimwemwe chinaposa manyazi.

Panapita masabata atatu akupala dzimbiri, kupaka penti ndi kumangirira ekiseloyo ku Ford yake ya 1932. Tsiku lotsitsa galimoto pa jeke, Verna anabwera ndi levulo, kamtengo kaja kokhala ndi kathovu m'madzi, n'kuiika pamphuno pa galimoto. Kathovu kanathawira mbali imodzi.

"Kwera," anatero Verna.

Orval anadzikokera mkati, mimba ikukhula chiwongolero, sipuling'i ikulira. Verna anawerama, natsinzina diso limodzi, n'kuyang'anitsitsa kathovu kaja.

"Kali pakati penipeni," anatero, mawu atatsika. "Ndi saizi yako."

"Koma bambo anamwalira ine ndili ngati ndodo."

"Ankakuona mmene umadyera."

Orval anaseka, misozi ili lengelenge. Verna anamuuza kuti alize injini, iye anati adikire kaye. Anangokhala momwemo, manja ali pa chiwongolero, osafuna kutsika.