Mankhwala a ba Enock

A Bartholomew Chirwa anagwira ntchito m'zipatala za boma zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Atapuma, anatenga ndalama zawo za penshoni n'kutsegula kiliniki ku Nangongwe, m'nyumba ya lendi ya zipinda zinayi, pafupi ndi pokhotera maminibasi. Anthu onse a m'deralo ankawaitana kuti ba dokota. Ankagwira ntchito ndi nesi mmodzi, Ireen, mayi wa ana atatu amene mwamuna wake ntchito inali itamuthera.

Odutsa akaona odwala ali pabenchi ankati ba dokota akudya bwino. Sankadziwa kuti kiliniki imadya ngakhale tsiku lopanda wodwala. Panali lendi, malipiro a Ireen, laisensi ya chaka ndi chaka, madzi, magolovesi, ndi galimoto yodzatenga masingano otha ntchito kukawotcha. Chaka china cha chilala, malaiti atayamba kupita tsiku lonse, panawonjezeka pakamwa pena pofuna kudyetsa: jenereta.

Jeneretayo ankailiza makamaka chifukwa cha firiji. M'munsi mwa firijiyo a Chirwa ankasunga insulini wa anthu asanu ndi awiri odwala shuga amene analibe firiji kwawo. Sankawalipiritsa. Botolo lililonse linali ndi kapulasitala kolembedwa dzina la mwini wake.

Mmodzi mwa anthuwo anali ba Enock, wogulitsa nsomba wa ku Chanyanya. Mwana wawo wamkazi wa ku Lusaka ankawagulira insulini wa miyezi itatu nthawi imodzi. Mwezi uliwonse ba Enock ankapalasa njinga kudzatenga botolo limodzi, n'kulikulunga m'kansalu konyowa, ndipo kunyumba ankaliika mumtsuko. Sankabwera chimanjamanja. Ankasiya nsomba zouma ziwiri zokulunga m'nyuzipepala.

Mu Seputembala mwini nyumba anakweza lendi. Petulo nayenso anali atakwera. A Chirwa anaona kuti pa zinthu ziwiri chimodzi chiyenera kuchepa, masiku ogwira ntchito a Ireen kapena maola a jenereta. Anasankha kuchepetsa maola a jenereta. Ankailiza maola awiri m'mawa ndi awiri masana, n'kuika mabotolo a madzi oundana m'firiji. Lamlungu, kiliniki ikatsekedwa, inkakhala chete.

Kenaka Okutobala anafika ndi dzuwa lake. Malata ankatentha moti odwala ankakonda kudikira panja. Lolemba lina Ireen anatsegula firiji, n'kulowetsa dzanja, n'kuima.

"Ba dokota, muno mwafunda nafuti. Aka n'kachitatu manje. Tiwauze eni ake."

A Chirwa anatenga botolo limodzi n'kuliyang'ana pawindo. Linkaoneka monga lija la masiku onse. Ankadziwa kuti insulini amatha kufooka ndi kutentha osasintha maonekedwe. Ankadziwanso kuti akanena, eni ake alibe pogwira, ndipo wogula atsopano adzakhala iwowo.

"Akali bwino," anatero. "Sabata ino tiziliza jenereta maola asanu ndi limodzi."

Ireen anatseka firiji n'kupita kukatsuka m'manja.

Lachinayi ba Enock anabwera, thukuta lili kamukamu, akudandaula kuti madzi a mumtsinje aphwa ndipo nsomba zathawira kutali. Anaonetsanso a Chirwa kachilonda ka paphazi kamene anadzicheka ndi bango. A Chirwa anakatsuka n'kukamanga, kenaka anawapatsa botolo lawo ndi dzanja lawo lomwe.

Patapita masabata atatu, chakumasana, kagalimoto ka ogula nsomba kanaima pakhomo. Amuna awiri anatsitsa ba Enock atawanyamula. Pambuyo pawo panali akazi awo, amake Lastone. Ba Enock ankapuma mwakuya, milomo itauma, osazindikira munthu. Kamakina koyezera shuga kanalephera ngakhale kuonetsa nambala.

"Anali kuzilasa mankhwala?" anafunsa a Chirwa uku akufunafuna mtsempha.

"Sanaphonyepo tsiku," anayankha amake Lastone. "Ndine nimawakumbutsa. Koma ludzu chabe, ludzu, na kusanza kuyambira dzulo."

A Chirwa anawaika ba Enock diripu n'kukwera nawo pagalimoto lomwelo mpaka kuchipatala chachikulu. Patatha masiku awiri ba Enock anamwalira.

A Chirwa anapita kumaliro ku Chanyanya. Anthu anawapatsa mpando, ndipo m'busa polalikira anawathokoza ndi dzina kuti ankasunga mankhwala a malemu mwaulere. Iwo anangozyolika. Atachoka kumanda anapempha kuti alankhule ndi namfedwa. Anawapeza atakhala pamphasa kuseri kwa nyumba, pafupi ndi maukonde opachika. A Chirwa ananjuta n'kufotokoza zonse: za jenereta, za firiji kufunda katatu, ndi mawu amene Ireen ananena iwo n'kuwakana.

Atamaliza, amake Lastone anafunsa:

"Ndiye kuti mankhwala ndiye yanawapaya?"

"Sindidziwa, amai. Mwina ndi chilonda chija chinakweza shuga. Mwina ndi zonse ziwiri. Koma ndinayenera kukuuzani, ndipo sindinakuuzeni."

Mayiwo anayang'ana maukonde aja.

"Sembe munatiuza, sembe tinagulitsa ukonde umodzi. Sitinali kuzakupemphani imwe ndalama." Anakonza duku lawo. "Mwana wanga wa ku Lusaka musamuuze lero. Nizamuuza neka. Yendani bwino, ba dokota."

Sanakweze mawu, ndipo sanawapatse dzanja.

Sabata yomweyo a Chirwa anaitana anthu asanu ndi mmodzi otsalawo n'kuwauza zomwezo. Anagulitsa maikulosikopu, makina oyezera magazi, n'kuwagulira insulini watsopano, ndipo anapempha mwini butchala wina wa m'tauni, amene anali ndi magetsi a sola, kuti aziwasungira m'firiji yake. Awiri anathokoza. Bambo wina anawatukwana pamaso pa odwala. Nkhani inayenda m'Nangongwe, ndipo benchi inayamba kukhala yopanda munthu mpaka masana. Popanda maikulosikopu, ofuna kuyezetsa magazi ankangowatumiza kwina.

Kumapeto kwa Disembala a Chirwa anauza mwini nyumba kuti akutuluka. Ireen anapeza ntchito ya masiku atatu pasabata m'sitolo ya mankhwala pafupi ndi msika. Tsiku lomaliza anabwerabe kudzathandiza kulongedza. Ankagwira ntchito osalankhulana zambiri, kunja mvula yoyamba yeniyeni ikuwaza.

Akutulutsa makatoni, mayi wina anatsika minibasi atabereka mwana wotentha thupi. Anaima pakhomo akuyang'ana zipinda zopanda kanthu.

"Mwatseka?"

"Tatseka, amai. Koma m'tsitseni timuone."

A Chirwa anamupima mwanayo pakhonde pomwepo atagwada, n'kumumvera m'chifuwa. Analemba zimene anapeza pakapepala n'kuwauza mayiwo kuti apite nako ku kiliniki ya boma lero lomwe, asadikire mawa. Mayiwo anafunsa mtengo, iwo anapukusa mutu. Ireen anathandiza kumanga mwana kumbuyo n'kumufunditsa pulasitiki. Mayiwo anatsikira mumsewu wamatope kukadikira minibasi ina, ndipo awiriwo anabwerera m'kati kukatulutsa bedi loyezerapo odwala.