Mlezi wa Ottilie

Rosamund anakhala pafupi ndi moto, maso ali pa wotchi, mvula ya ku London ikuwaza mawindo. Ikangokwana faifi koloko mlezi atsika ndi mwana, wosamba kale, wopesa kale, kuti adzacheze ndi mayi wake kwa theka la ola. Ndi mmene zinkakhalira m'nyumba za banja lachifumu, ndipo Rosamund anali asanaonepo cholakwika.

Anali atachokapo miyezi isanu ndi umodzi. Mfumu inatuma mwamuna wake, Kalonga Aubrey, kukayendera maiko akutsidya kwa nyanja, ndipo mkazi wa kalonga safunsidwa ngati akufuna kupita. Rosamund anadula maliboni pa miyambo yotsegulira nyumba zatsopano, anamwetulira mpaka masaya kuwawa. Anzake amene anakula nawo m'nyumba zikuluzikulu za ku Shropshire ankamusirira kuti anakwatiwa ndi msuweni wa mfumu. Akanadziwa! Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chitseko chinatseguka. Analowa mayi Garbutt, mlezi wojintcha wa ku Yorkshire, manja ofiira ndi sopo, atagwira dzanja la Ottilie, mwana wa zaka zinayi.

"Tiyeni, perekani moni kwa amayi anu monga tinaphunzirira paja," anatero mleziyo.

Ottilie anapinda bondo mwaulemu wake wonse. "Mwayenda bwanji, mayi?" Atatero anabwerera m'mbuyo n'kukagwira epuloni ya mlezi.

Rosamund anatulutsa chidole chimene anachisunga ulendo wonse. Mwana asanachilandire anayang'ana kaye mlezi, ndipo mlezi atagwedeza mutu movomera, mwanayo anathamanga, n'kupunthwa pa kapeti, chipumi pa tebulo, gu! Akazi awiriwo anatambasula manja nthawi imodzi. Ottilie sanaganize n'komwe. Anakadziponya pachifuwa cha mayi Garbutt.

"Basi, basi, kankhuku kanga. Tebulo lopusa ili, tilimenya."

Manja a Rosamund anatsala m'malere. Anawabweza pang'onopang'ono, ngati kuti amangokonza diresi. Nsanje imene inamugwira pamenepo anali asanaimvepo, ngakhale pamene akazi ankavina ndi mwamuna wake.

Pa chakudya chamadzulo anaiyamba nkhaniyo, koma Aubrey anangoseka.

"Nanga cholakwika n'chiyani? Inenso anandilera ndi mlezi. Mayi anga ndinayamba kucheza nawo ndili ndi zaka khumi. Ukundiona ndapunduka?"

"Mlezi wanuyo atamwalira munalira masiku angati?"

"Sabata, mwina."

"Nanga mayi anu?"

Aubrey anaitanitsa vinyo.

Kuyambira pamenepo Rosamund anayamba khalidwe lochititsa manyazi kwa mkazi wa kalonga. Ankakwera masitepe mpaka pamwamba penipeni, kumene kunali chipinda cha ana, n'kuima kunja kwa chitseko ngati wakuba m'nyumba yakeyake. Mkatimo chiphwete chokhachokha. Akangolowa, zii! Mlezi nyamu kuimirira, mwana kupinda bondo, onse kudikira kuti atuluke. Anadana ndi manja ofiira aja, anadana ndi fungo la sopo, anadana ngakhale ndi kuleza mtima kwa mayiyo, chifukwa munthu wopanda cholakwa ndi wovuta kumuchotsa.

Anamuchotsabe. Anamuitana m'mawa wina Ottilie atapita kokwera hatchi.

"Mayi Garbutt, mwatigwirira ntchito yabwino. Kalata yokuchitirani umboni ndalemba kale. Galimoto ikuperekezani ku siteshoni masana ano."

Mleziyo anafunsa, "Ndalakwa china, Olemekezeka?"

"Ayi."

"Ndingamutsanzike?"

"Zingomuliza."

"Chabwino. Koma akamalira musamulankhule. Muzingomusisita pamsana. Ndiponso kakhungu koyandama pamwamba pa mkaka sadya, muzimuchotsera."

"Mwanayo ndi wanga, mayi Garbutt."

"Ndi wanu ndithu, Olemekezeka. Sindinaiwalepo tsiku ndi limodzi lomwe."

Masana, galimoto itatuluka pageti, Rosamund anamva kupepuka kumene kunamuchititsa mantha iye mwini. Sanadikire faifi koloko. Anakwera yekha, ndipo ulendo uno sanaime pachitseko.

Ottilie anali atakhala pa bedi la mlezi, pa matiresi opanda nsalu, nsapato zamatope zili kuphazi. Antchito anali atamuuza kale. Ataona mayi wake anatsika n'kuthamanga, osapinda bondo, osapereka moni, n'kumukumbatira m'khosi mwamphamvu mpaka mikanda ya Rosamund kumukanda. Kamutu kake kanali kotentha, tsitsi likununkhira hatchi ndi mvula. Chibadwire mwanayu anali asanamugwirepo chonchi.

"Mayi," anatero akusisima, "anthu onse amakumverani inu. Ngakhale apolisi amakuimikirani magalimoto. Pali munthu woipa wathamangitsa a Garbutt. Auzeni abwere, mayi. Inu nokha mungathe."

Kunja kunali kusanade. Sitima ya ku Yorkshire inali isananyamuke, ndipo telefoni inali pansi pa masitepe pomwepo. Rosamund ankadziwa kuti akangoti inde, timanja ito timusiya n'kuthamangira pawindo kukadikira galimoto.

Anagwada pa kapeti, n'kuyamba kumusisita mwanayo pamsana, pang'onopang'ono, osalankhula.