Usiku Umene Edna Anayang'ana Mkamwini Kumaso

"Ndimvereni bwino asuweni," anatero Edna akumanga duku pagalasi la m'chipinda cha Lufina. "Mukangonditchula kuti amake Tisunge, ndibwerera ku Lizulu wapansi usiku womwe uno."

"Nanga ndizikutchulani ndani?"

"Anti Janeti a ku Balaka."

Lufina anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Mayi wa Mvano wathunthu, wogulitsa kachewere pamsewu, lero mukukayenda m'mabala ndi dzina lobwereka! Abusa akamva, ine ndidzati sindikudziwani."

Edna sanaseke nawo. Nkhani inali ya Tisunge, mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo. Mnyamata wina dzina lake Cedric anali atamufunsira, ndipo ankhoswe a mnyamatayo ankadikira yankho Lamlungu likubweralo. Aliyense ankati ndi mwana waulemu. Koma Edna atafunsa za ntchito yake, yankho silinamusangalatse: Cedric ankayendetsa alendo m'mabala a pa boma la Ntcheu. Lachisanu lililonse ankasonkhanitsa anthu ogona pa loji imene Lufina ankaphikapo, ena obwera kumisonkhano, ena ongodutsa, n'kuwazungulitsa m'malo omwera mowa kuti aone mmene tauni imakhalira dzuwa likalowa. Mabala omwewo anali atamulanda kale Edna mwamuna wake, Silvester. Sanafune kuti amulandenso mwana.

Panalinso mwambo. Kwawo mpongozi ndi mkamwini sayang'anana kumaso, sadyera pamodzi, ndipo akakumana panjira wina amapatukira kutchire. Edna akanangovomera Lamlungu, akanamudziwa mnyamatayo mawu ndi nsapato basi moyo wake wonse. Popeza awiriwo anali asanaonanepo, Lachisanu limeneli linali tsiku lokhalo loti amuone bwinobwino, pa ntchito yake, iye asakudziwa.

Pakhonde la loji anapeza gulu litasonkhana: manesi atatu, aphunzitsi angapo, azungu awiri ovala makabudula, ndi bambo wina wonenepa dzina lake Obed, mlangizi wa zaulimi wa ku Kasinje, yemwe ankaoneka kuti ulendo anauyamba yekha masana. Cedric anali wamtali, wowonda, atavala malaya oyera, tochi ili m'manja. Edna anamuyang'anitsitsa kuyambira kumutu mpaka kuphazi mopanda manyazi. Makutu ake anali otambalala pang'ono, ndipo Edna anadzipeza akuganiza za makutu a adzukulu.

"Tilipo khumi ndi anayi," anatero Cedric atawawerenga. "Tikalowa khumi ndi anayi, tituluke khumi ndi anayi. Wofuna kubwerera andiuze, asangosowa."

Anayamba kwa Mai Loyce, kuseri kwa msika, komwe ankafulula masese. Kunali mabenchi pansi pa mtengo wa mango ndi babu limodzi lolendewera panthambi. Mai Loyce anathira kaye pang'ono pansi kuti akumanda alawe, kenako chipanda chinayamba kuzungulira. Mzungu mmodzi atalawa anakwinya nkhope, anthu n'kufa nazo kuseka. Apa Edna panalibe chomudabwitsa, masese anakulira nawo.

Ndiye Cedric anabwera ndi botolo la fanta. "Anti a ku Balaka, ndamva kuti simumwa. Landirani ichi."

Mutu wa Edna unkadziwa kuti iye ndi Janeti. Thupi ndi limene linaiwala. Mnyamatayo atangoyandikira, khosi linapotokera kumbali lokha, dzanja n'kukokera duku kumaso, miyendo n'kupindikira mkati mwa benchi, monga amachitira mayi aliyense wa kwawo mkamwini akatulukira. Zinachitika kanthawi kochepa chabe. Cedric anaima chilili. Kenako anawerama, n'kuika botolo pabenchi m'malo moika m'manja, n'kubwerera chafutambuyo maso ali pansi.

Lufina anamutsina pantchafu. "Mwadziulula nokha, Anti Janeti."

"Sanaone kanthu," anatero Edna, koma khutu linali kumuyaka.

Atatuluka kwa Mai Loyce anakhotera kumsewu waukulu, ndipo Edna anaima kukamwa kuli yasa. Boma ankalidziwa masana: fumbi, ma minibasi, mzere wa kuchipatala. Sanadziwe kuti dzuwa likalowa pamatuluka tauni ina. Malole ataliatali anali atandanda m'mbali mwa msewu, atavala timagetsi tofiira ndi tabuluu kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Utsi wa kanyenya unkakwera m'kuwala kwa magetsi. Khomo lililonse linkatulutsa nyimbo yakeyake, ndipo nyimbozo zinkakumana pakati pa msewu. Anthu ankayankhula Chichewa, Chipwitikizi, Chiswahili, ena chiyankhulo chimene Edna sanachimvepo. Kumbuyo kwa zonsezi phiri linangoti bii, nyenyezi zili pamwamba pake.

"Anthu onsewa sagona?" anafunsa motsitsa.

"Usiku sunayambe, asuweni," anatero Lufina.

Bala yachiwiri inali ndi kanema wamkulu ngati chitseko, moti osewera mpira ankaoneka thukuta pamphumi. Panali tebulo lobiriwira lomwe anyamata ankagundanitsapo timipira ndi ndodo, ndipo nesi mmodzi anawagonjetsa onse motsatizana, bala yonse ikukuwa. Cedric ankadziwa aliyense. Ankauza alendo kuti mpando uwu musakhalepo ndi wa agogo akuti, awa musawajambule sakonda, chikwama ikani kutsogolo. Koma kwa Edna sanayankhulenso mwachindunji.

"Anti Lufina," ankatero ataima chammbali, "afunseni alendo anu ngati phokosoli silikuwasowetsa mtendere."

Panja, pa chiwaya cha mayi wina wootcha nyama ya mbuzi, gulu lonse linaima kudya. Cedric anagawira aliyense, iye n'kukaima patali manja ali kumbuyo. Obed anamuitana, mafuta akuyenderera pachibwano. "Amwene, idyani! Mukufuna mugwe?"

"Ndakhuta, bwana."

"Wakhuta chiyani?" ananong'ona Lufina. "Ndine ndimamuphikira ameneyu. Lero sanadye chichokere m'mawa, amati adzadyera pompano. Pamalo pano amatha mbale ziwiri. Akuopa kutafuna pamaso pa apongozi."

Edna anamva chisoni, koma pomwepo mtima unaumanso. Ngati wadziwa, ndiye kuti zonsezi akungodzionetsera. Malaya oyera, kusagwira botolo, ulemu wonsewu, ndani sangachite usiku umodzi? Silvester nayenso pofunsira ankabwera ndi Baibulo kukhwapa.

Malo omaliza ankawatcha Pa Nyenyezi. Analowa kudzera m'kanjira kamdima, chitseko n'kutseguka, ndipo Edna anagwira mkono wa Lufina. Kudenga kunkazungulira chimpira cha timagalasi, chikumwaza timadontho ta kuwala pamakoma, pansi, pankhope za anthu, ngakhale pachitenje chake. Anayesa kusasa kadontho kamodzi pamkono, n'kuchita manyazi. Nyimbo sinkamvekera m'makutu, inkagunda m'chifuwa. Utsi wonunkhira unkatuluka pansi n'kukwera mpaka m'mawondo. Edna anakhala zaka makumi asanu m'boma limeneli osadziwa kuti kuseri kwa golosale imene amagulako sopo kuli chinthu chotere.

Kenako woika nyimbo anasintha, n'kuika ngoma ya kwawo, ija amavina amuna ndi zishango. Chipinda chonse chinafuula. Aphunzitsi, manesi, madalaivala a malole, azungu aja, onse anapanga mzere n'kuyamba kuponda pansi nthawi imodzi, mpaka mabotolo ankanjenjemera pamatebulo. Wina analiza likhweru, amayi n'kululutira. Edna anazindikira kuti phazi lake lakumanja likuponda nawo, ndipo nthungululu inali itafika kale pakhosi. Anaimeza.

Zaka zonsezi ankaganiza kuti chimene chinkakoka Silvester ndi ziwanda, malo onunkha odzaza anthu otayika. Sanaganizepo kuti n'kokoma. Munthu wolima kachewere kuyambira mbandakucha, msana ukuwawa, mtengo pamsika utagwa, akalowa muno amaiwala zonse n'kukhala ngati munthu wofunika. Kwa nthawi yoyamba anamumvetsa mwamuna wake, ndipo zimenezi zinamuopsa kuposa mmene anabwerera. Ngati iye, mayi wa Mvano, phazi lamuthawa usiku umodzi, nanga mnyamata wolowa muno sabata iliyonse?

"Tizipita," anauza Lufina. "Yankho ndalipeza. Mwana wanga sakwatiwa kuno."

Panja kunkazizira. Cedric anawaimika onse pakhomo n'kuyamba kuwerenga ndi tochi. Anawerenganso kachiwiri.

"Khumi ndi atatu. Bambo Obed ali kuti?"

"Wamkulu ameneuja, adziwa njira," anatero mphunzitsi wina. "Tiyeni, tatopa."

"Palibe achoke pano," anatero Cedric, ndipo mawu ake anali atasintha. Analowanso mkati, anayang'ana kuchimbudzi, anatuluka akuthamanga. Mlonda analoza kumsewu. Chapatali, pamzere woyera wa pakati pa tala, Obed ankayenda dzandidzandi, nsapato imodzi ili m'manja, akuimba. Kumtunda, pamene msewu umatsetsereka kuchokera ku Dedza, kunatulukira magetsi awiri a lole.

Edna anaona malaya oyera akuthamanga pakati pa msewu, tochi ikugwedezeka m'mwamba. Hutala inalira, mabuleki anafwenthera. Cedric anamugwira Obed palamba n'kumukokera kumbali, onse awiri n'kugwera m'ngalande. Lole inadutsa, mphepo yake n'kufika mpaka pamene panaima Edna.

Edna anakhala pansi pafupi ndi chiwaya cha mayi wa nyama uja. Panali pamsewu womwewu pamene anamupeza Silvester atafa m'mawa wina zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Usiku umenewo anali atagulira mowa tebulo lonse. Anzake asanu ndi mmodzi anamwa naye, ndipo onse anapita kukagona. Palibe anafunsa kuti mnzathu uja ali kuti.

"Musade nkhawa mayi," anatero wootcha nyama akutembenuza nthuli. "Ameneuja ndi ntchito yake. Mwezi watha anabereka dalaivala wina kumsana kuchokera pano mpaka kuloji. Ngakhale oledzera osakhala a gulu lake amawakweza kabaza, n'kuimbira akazi awo kuti tsegulani chitseko. Ife timamuseka kuti mbusa wa zidakwa."

"Iye samwa?"

"Amamwa, asakunamizeni. Botolo limodzi, alendo ake onse akagona. Amakhala pamene mwakhalapo, amadya nyama yake, basi wapita."

Cedric anabwera atakoleka mkono wa Obed paphewa. Malaya oyera aja anali matope okhaokha, chigongono chikutuluka magazi. Obed ankalira, akumutchula kuti mchimwene wake weniweni. Cedric anamukweza panjinga yamoto, n'kuuza mphunzitsi uja akwere kumbuyo amugwirire. Kenako anawerenganso otsala. Tochi itafika pamene panali Edna, anaitsitsa n'kuunika pansi, pafupi ndi mapazi ake.

Edna anamuyang'ana kumaso nthawi yaitali. Anayang'ana makutu aja, chipsera chaching'ono pachibwano, milomo youma ndi njala. Ankadziwa kuti akumuona komaliza. Mantha sanathe, ndipo anadziwa kuti sadzatha, pakuti Pa Nyenyezi padzakhala pakugunda Lachisanu lililonse. Koma anaimirira, n'kukonza chitenje.

"Mayi, ikani nyama mbale ziwiri," anatero. "Ndi tchipisi. Tsabola pambali."

Anatenga mbalezo n'kukaziika pakhoma lalifupi la golosale. Kenako anatembenuka, n'kupereka msana kwa mnyamatayo, n'kukokera duku kumaso, ulendo uno mwadala.

"Asuweni," anayankhula mokweza kuti amve, "muwauze bambo awo adye. Ine sindikuyang'ana."

Kumbuyo kwake anamva mawondo akugunda pansi, ndi manja akuomba pang'onopang'ono, katatu.

"Ndiwauze kuti chakudyachi chachokera kwa ndani?" anafunsa Lufina. "Kwa Anti Janeti a ku Balaka?"

"Kwa amake Tisunge," anatero Edna. "Ndipo muwauzenso kuti ankhoswe awo alawirire Lamlungu. Ku Lizulu kumazizira, asadzatiimike panja."

Anaima choncho, msana ali kwa mkamwini wake, maso ali kuphiri, mpaka anamva mbale yachiwiri ikuikidwa pansi.